Bokosi Lomvera Msana wa Mkamwini

Lachiwiri, 11 Seputembala 1956

Ndikulemba chogona chagada, kope lili m'mwamba ngati ndikudzitchinga dzuwa. Kope ndi pensulo andipatsa a Fanwell, dresala wothandiza adokotala mu wodi ino ya chipatala cha mishoni, ati ndichotseko maganizo. Sindinawapemphe. Munthu akakupatsa chinthu usanapemphe, uzidzifunsa chimene akufuna kwa iwe.

Ine ndine Eneya Mvula. Kwathu ndi ku Zingalume, koma ndili pachikamwini ku Zemba, kwawo kwa mkazi wanga Idesi. Ana athu ndi Lefina, amene wayamba kuyankhula chaka chino, ndi Andreya woyamwa. Chilimwe chino ndimakweza matumba a chimanga m'malole pa shedi ya ku Chadiza. Loweruka ndinawerama kuti ndidzutse thumba, m'chiunomu munangoti thyo! ngati nthambi youma, mwendo wamanzere n'kuchita dzanzi mpaka kuchala. Anzanga anandigoneka pamwamba pa matumba m'lole momwemo n'kundibweretsa kuno.

Mankhwala: asipirini awiri m'mawa, awiri madzulo. Pansi pa matiresi aikapo matabwa. Kudzuka ayi, ngakhale kupita kuchimbudzi. Amandibweretsera mbale. Manyazi ake osanena.

Lachinayi, 13 Seputembala

Bedi la kumanja kwanga agonapo a Ezara, mdala wa chilonda chamwendo chimene anabwera nacho ku migodi ya malasha ku Wanki. Pakamwa pawo sipapuma. Lero andifunsa komwe ndimakhala, ndipo nditawauza aseka mpaka kutsokomola.

"Hee! Mkamwini? Msana n'kuthyoka mvula ili pakhomo? Mphwanga, mkamwini wopanda msana ndi khasu lopanda mpini. Amangoliponya kuseri kwa nkhokwe."

Ndinawayankha kuti asamale mwendo wawo wonunkhawo. Koma anena zoona, ndipo n'zimene zikundidya mumtima. Mwinimbumba ku Zemba ndi a Jonasi, atsibweni ake a Idesi. Chaka chapitacho mwamuna wa mkulu wake wa Idesi anadwala chifuwa, munda n'kugona dzinja lonse. A Jonasi sanakalipe, sanatukwane. Anangoitana ankhoswe. Munthu uja anachoka ndi mphasa ndi nkhwangwa yake, ana n'kutsala, poti ana ndi a kuchikazi. Ine ndi amene ndinamuperekeza mpaka kudambo.

Ndikuopa. Ntchito ya pa shedi itha kupita, sindingalire. Ndikuopa kusiya Lefina ndi Andreya.

Lamulungu, 16 Seputembala

Idesi wabwera, Andreya ali kumsana. Wabweretsa mbatata yophika, thobwa m'chipanda, ndi nkhuku. Nkhuku! Akuti apereka ndi a Jonasi.

Chiyambire chikamwini changa, a Jonasi sanandiphereko ngakhale nkhunda. Lero nkhuku yathunthu ya chiyani? Yotsanzikira? Ndinapatsa a Ezara ntchafu kuti ayambe ndi iwo. Anadya, ananyambita zala, n'kupempha ina. Nditaona kuti dzuwa lapendeka iwo akadali kulongolola, ndinadya nanenso.

Ndinafunsa Idesi za kumunda. Akuti anzathu ayamba kusosa, kwathu mapesi akadali chiimire.

"Atsibweni akufunsa," anatero, maso ali pa mwana.

"Akufunsa chiyani?"

"Kuti adokotala akuti chiyani."

"Ukawauze kuti ndangobinya pang'ono. Sabata ya mawa ndituluka."

Anandiyang'ana mmene ndinagonera pamatabwa ngati nyama yoyanika.

Lachitatu, 19 Seputembala

Kwabwera dokotala wachilendo, mzungu wachinyamata wamandala, wochokera kutali kummwera. Watsitsa m'galimoto mabokosi ndi mawaya, aziika m'chipinda choyandikana ndi wodi yathu. Injini ya magetsi, imene amailiza pokhapokha pakakhala opaleshoni, lero yalira masana onse.

A Fanwell afotokoza kuti bokosilo limamvera minofu ya msana munthu akamanyamula katundu. Ati dokotalayo akufuna kudziwa kanyamulidwe kamene kamathyola anthu, ndipo adzayeza ine ndi anzanga a pa shedi amene ali bwinobwino.

Atangotuluka, a Ezara anandikodola. "Wamva? Bokosi lomvera msana! Msana unayankhulapo? Amenewa ndi abanyama, mphwanga, aja opopa anthu magazi. Masiku ano a boma la Chitaganya abwera ndi mawaya."

Pofika madzulo, mnyamata wa malungo wa pakona anali atathawa, bulangeti n'kulisiya pabedi. Ine ndingathawe bwanji, kutembenuka komwe kukundikanika?

Za magazizo sindikudziwa. Chimene chandivuta ine n'china. Ndinafunsa a Fanwell kuti bokosi likanena zake, adzamva ndani.

"Adokotala basi."

"Nanga a kwathu?"

"Achimwene, mukuopa chiyani?"

Amayi awo a Fanwell ndi a ku Zemba. Amapemphera tchalitchi chimodzi ndi a Jonasi, ndipo a Jonasiwo amakhala mpando umodzi wa akulu a mpingo ndi atate a Fanwell. Zimenezi ndazimva kwa wosesa.

Lachisanu, 21 Seputembala

Andiyeza. Ndilembe bwino mmene zinayendera, kuti ndikafooka pambuyo pake anthu adzadziwe choyambitsa.

Anandilowetsa atandigwira uku ndi uku. Dokotala anayamba ndi mkono wake: anamata tizitsulo tiwiri tozungulira ngati kandalama ka tiki, mawaya ake opita kubokosi. Atafumbata chibakera, bokosi linathetheka ngati chimanga m'phale. Atamasula dzanja, linakhala zii. Anaseka, kufuna kuti nane ndiseke. Sindinaseke. Wogulitsa mankhwala pamsika nayenso amayamba walawa yekha.

Kenaka ine. Anandivula malaya, a Fanwell n'kumeta tsitsi la m'munsi mwa msana, kupukuta ndi sipiriti, kupaka phala lozizira, n'kumata tizitsulo tinayi ndi pulasitala, tiwiri mbali ino ya fupa, tiwiri mbali inayo. Ndinagwira waya umodzi n'kuupinda kuti ndione ngati uli ndi mphako yodutsa magazi. Ulibe. Koma azungu nzeru zawo n'zambiri.

Anati ndiime chilili. Bokosi linang'ung'udza pang'ono. Anati ndiwerame pang'onopang'ono mpaka pamene pakupweteka. Mayo ine! Manja sanafike ndi m'mawondo momwe, koma bokosi linasokosera osalekeza, cholembera chake chikukanda pepala ngati nkhuku yofukula. Dokotala anapukusa mutu.

Pobwerera ku wodi ndinafunsa a Fanwell chimene anapukusira mutu. Anati phokoso lija ndi minofu imene yakungika chifukwa choopa ululu. Ati msana wabwino ukawerama mpaka pansi minofu imapuma, bokosi limakhala chete, ndipo tsiku limene langa lidzakhale chete ndiye kuti ndachira.

Asa! Andiyesa mwana? Chinthu chamoyo chimakhala chete? Ng'ombe ikamakoka ngolo imapuma mwaphokoso, yachete ndi imene yagwa. A Ezara agwirizana nane. Anayang'ananso kumsana kwanga kufunafuna pobooledwa, sanapeze. "Bola lalira," anatero. "Likadzati zii, udzadziwe kuti akumaliza."

Loweruka, 22 Seputembala

Ululu. Kuwerama kwa dzulo kuja. Botolo la madzi otentha pachiuno. Ndayang'ana m'zikhato, magazi akuoneka kuti alimo.

Lachiwiri, 25 Seputembala

Asipirini atsitsa, mmodzi m'mawa mmodzi madzulo. A Fanwell amandipaka mankhwala otentha onunkha ngati bulugamu, n'kumandipinda miyendo mmodzimmodzi. Manja awo ndi abwino, zimenezo sindingakane. Dzanzi lachoka kuchala, latsala m'katumba.

Popaka amafunsa mafunso. Munda wathu ndi waukulu bwanji, ndimalima ndi yani, ana ali ndi zaka zingati. Ndimayankha mwachidule. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lachinayi, 27 Seputembala

Anzanga a pa shedi abwera pa lole, atatenga thumba lodzaza chimanga kuti azinyamula pamaso pa bokosi. Ndinamvera kuseri kwa khoma. Ha! Bokosi linabangula ngati mvula ya matalala pamalata. Amenewo ndiwo amuna a misana.

Langton, mnzanga amene timakwezera lole limodzi, anadzandiona atatha. Akuti dokotala sakondwa ndi mmene timadzutsira thumba, miyendo chilili, msana wokhota. Akufuna tizinjuta kaye, thumba lili pafupi ndi mimba, kapena tizigwira awiriawiri.

"Ati tizinjuta ngati amayi akudzutsa mtsuko pachitsime," anatero Langton. "Kapitawo angatiseke mpaka Khirisimasi."

Tinaseka, ine ndikugwira m'chiuno. Pochoka anandiuza kuti malo anga pa shedi alowapo kale wina. Sizinandikhudze kwenikweni. Thumba lija alisiya m'chipindamo, ati mawa kubwera gulu lina.

Lamulungu, 30 Seputembala

Ndayenda! Kuchokera pabedi mpaka pakhonde, ndi ndodo. Idesi anandipeza nditakhala padzuwa, anaomba m'manja n'kuseka. Mtima wanga unayera, koma sizinakhalitse.

Akuti nkhokwe ya apongozi yakonzedwa. Ndinafunsa wakonza ndani, poti imeneyo inali ntchito yanga. Akuti mnyamata wina wa mudzi wa kutsidya, amene wangobwera kumene kuchokera ku Halale ndi njinga yatsopano.

"Wa njinga. Ndiye wakonza ulele? Wamutuma ndani?"

"Atsibweni. Amupatsa mowa."

"Mowa wokha?"

Idesi anamanga nsalu yake mwaukali. "Inu abambo ake a Lefina, mumakayikira ndi madzi akumwa omwe. Chiswe chidye chimanga podikira inu?"

Kenaka anati a Jonasi abwera okha Lachisanu, akufuna adzaone ndi maso awo. Lachisanu ndi tsiku limene dokotala wanena kuti adzandiyezanso. Ndani wawauza tsikulo? Idesi akuti zangochitika. Zinthu sizimangochitika.

Lachitatu, 3 Okutobala

Ndayenda mpaka pa mtengo wa mango osagwira ndodo. Ndatola chipewa cha a Ezara pansi, ululu wochepa chabe. Asipirini asiya. A Fanwell akuti zikapitirira chonchi Loweruka nditha kutuluka.

Mitambo yayamba kusonkhana chakum'mawa. Mutu wanga uli pa Lachisanu basi.

Loweruka, 6 Okutobala

Sinditha kulemba.

Lolemba, 8 Okutobala

Jakisoni m'mawa ndi madzulo. Mwendo wamanzere sukumva, a Fanwell aubaya ndi singano ine osadziwa. Mbale ija yabwereranso.

Lachinayi, 11 Okutobala

Lero mphamvu ilipo pang'ono. Ndilembe za Lachisanu.

A Jonasi anafika m'mawa, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anakhala pa mpando pafupi ndi bedi, chipewa pamawondo. Ine ndinadzuka msanga n'kukhala tsonga, kuti aone.

"Msanawo uli bwanji, a Mvula?"

"Uli bwino kwambiri, atsibweni. Ndikungochedwa ndi azunguwa."

"Mvula sidikira munthu," anatero, akuyang'ana miyendo yanga.

A Fanwell atandiitana kuchipinda chija, a Jonasi anatuluka n'kukaima panja pa zenera. Zenera linali lotsekula chifukwa cha kutentha. Ndinavula malaya pamaso pa atsibweni ake a mkazi wanga, ine bambo wa ana awiri, n'kumatidwa tizitsulo ngati mbuzi ya pamsika.

Dokotala anandipatsa kabokosi ka matabwa muli njerwa ziwiri. Anati ndinjute n'kukadzutsa. Bokosi linathetheka pang'ono chabe. Njerwa ziwiri! Ndinaona a Jonasi akusuzumira. Thumba la chimanga la a Langton lija linali pakona, a Fanwell n'kundiuza kuti limenelo ndisaliyandikire n'komwe.

Kenaka anati ndiwerame opanda kanthu m'manja, mpaka pamene ndingathe. Ndinawerama. Bokosi linathetheka, kuthetheka, ndikutsika, manja anadutsa mawondo, zala n'kukhudza pansi. Pomwepo linangoti zii.

M'chipinda monse munamveka injini ya panja yokha. Ndinali chiweramire, ndikuona zenera pakati pa miyendo yanga, nkhope ya a Jonasi ili pomwepo. Anamva chete ameneyo. Dokotala anati ndibwereze. Ndinabwereza, zii kachiwiri. Anamwetulira, anandisisita paphewa, n'kunena mawu kwa a Fanwell m'Chingerezi. Kenaka onse awiri anatuluka, kundisiya ndi mawaya anga, n'kupita kwa a Jonasi.

Ndinawaona atatu ataima pansi pa mango. Dokotala akuyankhula, a Fanwell akumasulira, a Jonasi akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Mtima unandiuza kuti basi, andigulitsa. Bokosi lanena kuti msana wa mkamwini wafa, mboni yamva ndi makutu ake, ndipo wa njinga uja akudikira. Zimene a Fanwell anandiuza tsiku loyamba kundiyeza zija, zoti bokosi likakhala chete ndiye kuti ndachira, ndinazikumbukira ndithu, sindinganame. Ndinati limenelo linali bodza lokonzeratu, kuti tsiku lophedwa ndidzakhale phee.

A Jonasi anatembenuka n'kubwerera ku zenera. Ine ndinati aone, ndipo amve. Ndinapita pakona, mawaya akukwekwereka pambuyo, ndinawerama mmene timachitira pa shedi, miyendo chilili, n'kugwira thumba m'makutu. Ndinalidzutsa. Bokosi linabangula kuposa la Langton, ndipo ndinakondwa, Mulungu ndi mboni, ndinakondwa. Thumba linafika m'mawondo. Ndinamva a Fanwell akukuwa, "Achimwene, siyani!"

Zotsatira zake sindikuzidziwa bwino. Akuti anandipeza pansi, thumba lili pamiyendo, tizitsulo titamatuka.

Loweruka, 13 Okutobala

Andimanga pulasitala kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Ikuyabwa m'kati, pokanda palibe. Dokotala wamkulu wa pano wanena kuti khasu dzinja lino ndiiwale, ndipo mwendo mwina uzikoka moyo wanga wonse. Wamandala uja anabwera, anaima kumiyendo kwa bedi nthawi yaitali, nkhope itafiira. Anafunsa kudzera mwa a Fanwell kuti ndinachitiranji zimenezi. Ndinayang'ana kudenga.

Atachoka ndinafunsa a Fanwell. "Munkawauza chiyani atsibweni pansi pa mango paja?"

"Kuti mwachira," anatero, akukonza bulangeti osandiyang'ana. "Kuti minofu yayamba kupuma ngati ya munthu wabwinobwino. Adokotala anati mupume milungu itatu, musanyamule matumba, koma mizere mudzapanga mvula isanakhazikike. A Jonasi anati zikomo kwambiri. Pobwera pa zenera paja amadzakuuzani kuti atumiza ngolo Loweruka."

Ndinati akunama. Anandiyang'ana, maso atafiira.

"Achimwene, ndakupakani mankhwala ndi manja angawa mwezi wathunthu. Ndikunamizeni kuti ndipindule chiyani?"

A Ezara, amene sasowa chonena, lero angotembenukira kukhoma.

Lachiwiri, 16 Okutobala

Mvula yoyamba. Fungo la dothi lalowa pazenera. Ndalira, ndabisa nkhope m'bulangeti.

Wamandala wapakira mabokosi ake, wapita.

Lamulungu, 21 Okutobala

Idesi wabwera ndi ana onse awiri. Chakudya anaika pansi osamasula. Anagwada pambali pa bedi, ndipo ndinadziwa asanatsegule pakamwa.

Mbumba inakumana Lachinayi. Akuti a Jonasi anati, "Dokotala atandiuza kuti wachira ndinakondwa, ndinati ndikauza anyamata za ngolo. Koma munthu amuletsa, iye n'kuchita dala ine ndikuona. Msana tikanaudikira. Nanga mutu wotere tiudikira mpaka liti?" Atumiza kale mawu kwa ankhoswe ku Zingalume. Akadzandimasula pulasitala, ngolo yodzanditenga idzakhala ya achimwene anga.

"Ndinawapempha," anatero Idesi. "Ndinagwada, amayi nawonso anapempha. Akuti mukachire kwanu kaye, za m'tsogolo adzaona."

Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi omwewo anauzidwa mwamuna wa mkulu wake.

Ndinafuna kufunsa za wa njinga uja. Funso linafika pakamwa, koma nditaona mmene Idesi waondera, manja atang'ambika ndi khasu, ndinalimeza. Mizere wapanga yekha, Andreya ali kumsana.

Lefina anali atabisala kuseri kwa amake, akuopa chipulasitala choyerachi. Patapita nthawi anabwera, anagogoda pachifuwa panga ndi kachala, n'kuseka. Kenaka anakweza manja onse awiri.

"Atate, ndinyamuleni."

Ndinamuuza kuti akwere yekha, ndi wamkulu tsopano. Anayesa, koma bedi ndi lalitali. Anakwezanso manja. A Fanwell, amene amadutsa ndi mabotolo, anawaika pansi, anamunyamula n'kumukhazika pambali panga. Sindinathe kutembenuka kuti ndimuone kumaso. Ndinangomugwira kaphazi mpaka belu la alendo linalira.